Kadontho Kofiira pa Nkhope ya Chidole

— Halo? Achemwali Ellina?

— Halo! Jessie? Wadzuka bwanji ku Cape Town?

— Ndadzuka, kaya inu kumudziko? Alamu? Ana?

— Tonse tilipo. Ntchito ya ku Sea Point ikuyenda?

— Ikuyenda. Madamu amandimasula masana kuti ndizipita kusukulu ya unesi ija.

— Mawu akowo sakumveka bwino. Ndi netiweki?

— Si netiweki. Dzulo ndinalephera pulakitiko.

— Iweyo? Zatani?

— Timaphunzirira pa chidole chachikulu ngati munthu, chimapuma, chimaphethira. Amativeka magalasi a kakamera kojambula pomwe maso akuyang'ana. Tikamaliza, aphunzitsi amatiwonetsa vidiyo, muli kadontho kofiira koyenda ndi maso ako.

— Abale! Ndiye ungabise chiyani?

— Palibe. Chidolecho anachimanga duku, akuti ndi gogo wodwala mtima. Makina omuyeza akulira, mpweya ukutsika. Anzanga timadontho tawo tikuthamanga, kumakina, kwa wodwala, kumakina. Kanga kanangoima pankhope.

— Makinawo osawaona?

— Olo kamodzi. Gogoyo anafera m'manja mwanga.

— Koma ndi chidole, Jessie.

— Ndikudziwa. Aphunzitsi sanakalipe. Anaimitsa vidiyo n'kundifunsa mofatsa kuti, pamenepa umafunafuna chiyani? Lachisanu ndibwereza. Ndikalepheranso, kosi yathera pomwepo.

— Nanga umafunafuna chiyani?

— Achemwali... ine nkhope ya amayi sindinaione.

— Iwe! Si ndinakuimbira vidiyo pamaliro?

— Nthawi yoona nkhope itakwana, netiweki inadula. Pomwe imabwerera, bokosi atatseka kale.

— Mayo ine. Nthawi yonseyi osanena?

— Ndimaopa kukulizani. Tandiuzani msanga, mayunitsi akutha. Amaoneka bwanji?

— Anaonda, ndisakunamize. Koma nkhope inali phee, makwinya a ululu aja atachoka. Tinawamanga duku unatumiza pa basi lija.

— Lobiriwira lija? Paja analisunga m'sutikesi, osalivala.

— Ankati adzalivala tsiku lokakuchingamira kudepoti. Halo? Jessie? Yaduka?

— Ndilipo.

— Usalire wekha kumeneko, mng'ono wanga. Lachisanu ukayang'ane makinawo, wamva? Nkhope ya amayi ndinakuonera ine.

— Ndamva. Koma mfundo ya dukulo munaimanga kutsogolo, mmene ankakondera muja? Achemwali? Halo? Halo, achemwali?