Malo Nambala 14

Mkulu wina wogulitsa matayala, wodziyesa wochenjera kuposa tauni yonse, anali ndi malo awiri: nambala 14 pomwe pali nyumba yake, ndi nambala 41, dambo la achule lomwe anakakamiza mlamu wake kugula. Pokonzekera zopita ku ofesi ya zamalo kukasintha umwini, anatola chikalata cholakwika m'sutikesi ndi kukopera nambala yake pa fomu, magalasi atawasiya dala poti amamukalambitsa.

"Dindani apa, mayi, ndili ndi changu," anatero, akuponya mapepala patebulo la kalaliki.

Kalalikiyo anali mayi wosaseka, wokhulupirira pepala kuposa munthu wamoyo. Anawongola fomuyo ndi chikhatho.

"Mukugulitsa malo nambala 14?"

"Manambala ndi anu a boma. Ine malo anga ndimawadziwa ndi mapazi."

"Lamulo likuti wogulitsa awerenge kaye asanasaine komaliza."

"Ndiwerenge malo anga omwe? Mlamu wasaina, mboni zasaina. Mukufuna aganize kawiri abweze mtima?"

"Mtengo mwalembawu ndi wochepa kwambiri, bambo."

Mkuluyo anasuzumira kukhomo, nanong'ona: "Wochepa? Ndamudyera masuku pamutu ameneyo! Amati poti anapita kusukulu ndiye kuti ali ndi nzeru."

"Chikalata chikuti pali chomangidwa cha zipinda zinayi."

"Iii, boma! Chiswe chaumba chulu, inu mwalowamo kukawerenga zipinda? Zisiyeni choncho, mlamu akondwe."

"Chikutinso pali madzi."

"Osanena! Mpaka m'mawondo."

"Ndi magetsi."

"Ziphaniphani zimenezo. Koma anthu inu mumalandira malipiro a chiyani?"

Kalaliki anachonga mabokosi atatu mosatekeseka. Za ziphaniphani pa fomu panalibe bokosi lake, ndiye sizinamukhudze.

"Lamulo likuti chilichonse chokhazikika panthakapo chimapita ndi nthaka. Mukuvomera?"

"Chilichonse! Asandibwezere ngakhale udzu umodzi."

"Nanga okhalapo mwawadziwitsa?"

"Kuwadziwitsa ndani, aja? Ntchito kulira usiku wonse, munthu osagona."

"Alipo angati?"

"Ndani angawawerenge? Dzinja lililonse aswana."

Mayiyo anakweza maso koyamba, namuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Ndi anu?"

"Anali anga. Kuyambira lero ndi a mlamu. Akafuna awadyetse, akafuna awathire mankhwala."

"Zothira mankhwala si za ofesi ino," anatero kalaliki. "Koma akazi anu akudziwa?"

"Ndi amene amandikalipira tsiku ndi tsiku kuti malo amenewo ndiwachotse, akutichititsa manyazi."

Pamzere kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza. Mkulu uja anatembenuka ndi kuwakwezera manja, ngati kuti iye ndiye wozunzidwa.

"Mwaonatu! Kafomu kamodzi, mafunso ngati kupolisi. Mayi, ngati mukufuna ya fanta nenani."

"Sindimwa zotsekemera. Ndikufunseni komaliza: ndikadinda ndi kulowetsa m'kaundula, umwini wachoka. Kubweza kwake n'kufuna kwa wogula, apo ayi kukhoti. Simuwerenga?"

"Kubweza? Ine? Mlamu akadzabwera kuno akulira, mudzamuuze mawu omwewo. Mudzamuwerengere pang'onopang'ono, poti ndi wophunzira."

Analanda cholembera, nasaina siginecha yaikulu yokhala ndi mchira, mpaka kubowola pepala. Ine, amene ndinali pamzerepo, ndaonapo anthu akudzikumbira dzenje, koma wokumba akuimba mluzu ndinamuona tsiku limenelo.

Chidindo chinagwa, phaa! Kalaliki analemba m'kaundula, nauzira inki kuti iume.

"Zatheka. Makiyi mudzapereke pasanathe masiku makumi atatu."

"Makiyi a chiyani?"

"A nyumba."

"Dambo lili ndi chitseko?"

"Za dambo sindikuzidziwa. Nambala 14: zipinda zinayi, madzi, magetsi, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo."

"Geti lobiriwira?" Mawu anatuluka opyapyala.

"Mtundu sanalembe."

Mkulu uja anakwatula chikalata, nachitalikitsa, nachiyandikitsa, nachitalikitsanso. 

"Mayi! Mayi anga! Iyi ndi nyumba yanga! Ndimagona m'menemo!"

"Munali kugonamo."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinati zipinda zinayi, munati chulu."

"Fufutani! Matani ndi choyera chija!"

"Kaundula safufutidwa. Kapempheni wogula."

"Mlamu? Amene uja anasaina mwakachetechete, osanenerera mtengo ngakhale pang'ono?"

"Iyeyo anawerenga," anatero kalaliki. "Anakhala pampando womwewo dzulo, anawerenga kawiri."

Mkulu wa matayala anakhala pansi, chipewa chili pabondo.

"Ndiye ine ndi ana anga tikagona kuti?"

Kalaliki anatsegula kaundula, natsetsereka ndi chala mpaka m'munsi, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhope yake inaoneka yachifundo.

"Musadandaule, bambo, lamulo silinakusiyeni padzuwa. Nambala 41 ikadali yanu, ndipo mwanena nokha kuti madzi ndi magetsi zilipo. Wotsatira!"