Uthenga Umene Sunapite ku Joni

Aulutsi, nkhaniyi ikuchokera pa boma pa Mzimba, kwa munthu amene analowa koleji ya uphunzitsi ndi sutikesi n'kutulukamo ndi sutikesi yomweyo basi.

Nditasiya sukuluyo ndinapeza ntchito m'golosale ya bambo ena achikulire, Msilamu wa ku Mangochi. Pamwamba pa chitseko analembapo mwambi wachiarabu wolimbikitsa kuphunzira ngakhale utakalamba. Ndikangoyasamula, ankauloza ndi ndodo.

Chiarabu ankawerenga, koma Chichewa ayi. Mwana wawo wamkazi anapita ku Joni atakangana nawo, ndipo bambowo ankafuna kumupepesa pa foni ndi zala zawo, popanda wowalembera. Choncho anandipempha kuti ndiwaphunzitse kulemba.

"Aphunzitsi olephera, tiyeni tiyambe," ankatero.

"Adada, yambirani kumanzere. Kuno si ku Maka," ndinkawayankha.

Ankayeserera pa katoni ya sopo, dzanja n'kumathawirabe kumanja monga polemba Chiarabu. Patapita miyezi anakwanitsa kulemba uthengawo pa foni.

Ndinati, "Zili bwino chomene, mbwenu tumizani."

"Ayi, muli zolakwa. Angandiseke. Ndikonze kaye."

Tsiku la msika ndinapita ndi katundu ku Euthini. Pobwera mawa lake ndinapeza bambo aja atamwalira, atawaika kale m'manda, paja Asilamu sachedwetsa maliro. Mwanayo anafika patatha sabata, ndipo ndinamupatsa foni ija. Anawerenga ataima pakhomo, pansi pa mwambi uja, zolakwa zonse zili momwemo. Sanaseke ayi. Anakhala pansi pomwepo, makasitomala n'kumamulambalala.

Omvera anzanga, kuphunzira sindikukuletsani. Koma mawu opepesa tumizani ndi zolakwa zake zomwe.