Botolo Limene Mayi Marlys Hietala Sanatsegule

Malemu akazi anga, mayi Marlys Hietala, anabadwa pa 9 Febuluwale 1949 pafamu ya makolo awo, a Tollefsrud, kufupi ndi Bagley kuno ku Minnesota. Anali achitatu mwa ana asanu. Ana anga anapempha kuti mbiriyi awerenge abusa. Ndakana. Ndine Arvid, mwamuna wawo, ndipo ndiwerenga ndekha.

Sukulu anaphunzira ku Bagley komweko, n'kumaliza sekondale mu 1967. Tinakwatirana m'tchalitchi muno pa 20 Juni 1970, ndipo Mulungu anatipatsa ana awiri. Mu 1976 anayamba ntchito yophika kunyumba yosamalira okalamba.

Malemu ankamwa mowa. Ambiri mukudziwa, ngakhale simunanenepo. Anandiuza okha kuti ndisadumphe gawo limeneli. Anayamba ndi tambula imodzi ya bulande pophika, ndipo pofika 1991 ntchito inawathera. Mabotolo ndinkawapeza kuseri kwa makina ochapira ndi m'nsapato zoyendera m'chipale. Dokotala anatiuza kuti akapitiriza, zaka makumi asanu sadzaziona.

Mu Seputembala 1992 namwino wina anawalembera pakapepala malo amene anthu ofuna kusiya mowa amakumana kuti azilimbikitsana. Tinayamba kuno kwathu. Ataona galimoto ya munthu wowadziwa itaima panja, anati tibwerere. Sabata yotsatira tinapita ku Bemidji, koma tinapeza tchalitchi chimene amakumaniramo chili chokhoma. Ndinati tidzabweranso. Ulendo wachitatu, Lachiwiri pa 6 Okutobala, tinazungulira kuseri n'kupeza mayi wina akusuta fodya pakhomo laling'ono. Anawauza malemu kuti, "Khomo lalikululo ndi la oyera mtima, achemwali. Ife zidakwa timalowera kuno." Nditafuna kulowa nawo, anandifunsa ngati ndimamwa. Ndinati ayi. "Ndiye kadikireni m'galimoto, bambo. Muno ndi mwa akatswiri okhaokha."

Ndinadikira. Lachiwiri lililonse ndinkawaperekeza. Zimene ankakambirana mmenemo sanandiuzepo, inenso sindinafunse. Kuyambira tsiku limenelo sanamwenso. Chilakolako chikabwera ankaimbira foni mayi wa fodya uja. Mu 1994 anapeza ntchito yophika kusukulu ya pulayimale, ndipo anapuma mu 2014. Koma ine mantha sanandichoke. Ndikalowa m'nyumba ndinkayamba ndanunkhiza, kenako n'kupereka moni. Iwo ankadziwa, koma sanandidzudzulepo.

Mu Ogasiti 2023 anawapeza ndi khansa ya kapamba. Pofika Disembala sankathanso kutsika masitepe opita m'chipinda cha msonkhano, moti anajomba masabata atatu. Dokotala anati masiku atsala ochepa.

Apa ndiulule kulakwa kwanga. Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ifike, malemu anandifunsa kuti, "A Arvid, kodi bulande amanunkhirabe ngati kale?" Ine ndinaganiza kuti munthu amene ali paulendo sum'mana kanthu. Ndinapita kukagula botolo, n'kuliika patebulo pambali pa bedi lawo. Ndinkayesa ndi chifundo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo linafika mpaka pachitsekerero, n'kukhala pomwepo. Kenako anati, "Mdala wopusa inu. Ndipatseni foni msanga."

Pasanathe maola awiri magalimoto anayi anaima pakhomo, chipale chili mbee. Anzawo a kumsonkhano kuja anabwera ndi khofi wawo ndi mipando yawo yopinda. Mayi wa fodya uja, amene tsopano akuyendera ndodo, anandiika botolo lija m'manja. "Mwagula nokha, kakhuthuleni nokha. Mukatha musalowe, tili pamsonkhano." Ndinakakhuthulira m'chipale kuseri kwa galaja. Ndinakhala m'galajamo ola lathunthu, nditathamangitsidwa m'nyumba yangayanga. Ndinkawamva akuseka, ndipo mawu a akazi anga anali m'gulu lomwelo. Anthuwo anapitiriza kubwera Lachiwiri lililonse kufikira mapeto.

Malemu anatisiya Lachisanu pa 19 Januwale 2024, m'mawa, ali kunyumba pabedi lawo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi.

Asiya ine mwamuna wawo, ana awiri, Denise ndi Curtis, zidzukulu zisanu, ndi mlongo wawo, a Duane Tollefsrud.

Banja likuthokoza abusa, anamwino amene ankabwera kunyumba, aneba amene ankatichotsera chipale pamsewu, ndi amayi a mpingo amene akonza chakudya cha lero.

Ndikuthokozanso inu amene mwakhala m'mipando yakumbuyo. Mayina anu sinditchula. Tikakumana kugolosale ndidzakudutsani ngati sindikudziwani, monga mwa mwambo wanu. Koma lero ndimvereni. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zimene akazi anga anapirira, ndinatsala pang'ono kuwalanda ndi dzanja langa. Inu munabwera. Apita osamwa, maganizo awo ali bwinobwino, akutitchula tonse mayina.

Mtima wanga wakhala pansi. Mayi Marlys, usani mumtendere.