Kampira ka sikwashi ndi diso la Limbani

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine mayi a Limbani, a pa komboni ya pulazi ya fodya kufupi ndi Trelawney. Makolo athu anachokera ku Malawi, ife tinabadwira konkuno.

Amuna anga ankasesa ku kilabu ya azungu. Kumeneko kunali chipinda cha makoma oyera, chomenyeramo kampira kakuda ka sikwashi. Limbani ankawaperekera chakudya bambo ake, ndipo azungu akachoka ankatola laketi yakutha, chomenyera kampirako, n'kumakamenyetsa ku khoma. Anamenya, anamenya, mpaka mzungu wophunzitsa masewerawo anamuona n'kumutenga.

Ine mtima sunakhale pansi. Ndinkati, "Bambo a Limbani, mwana wa pa komboni akagonjetsa mwana wa bwana, tidzagona kuti? Nyumbayi si yathu." Iwo ankangoti, "Musiyeni, ndi mphatso yake."

Atakula anamuitana ku Harare, kumene ankasankha anyamata okapikisana ndi matimu a achinyamata a mayiko ena. Anamusankha. Komboni yonse inavina, koma ine tulo sindinkatiwona. Mwana amene anakula osadziwa ndi tauni ya Chinhoyi yomwe, akwere ndege?

Abale, tsoka silinunkha. Tsiku lina ndikusankha fodya mu shedi, folomani anandiitana. "Mayi, kwerani bhazi. Mwana wanu ali ku chipatala ku Harare." Pokonzekera ulendowo, kampira kaja kanamumenya pa diso lamanzere.

Ndinamupeza atamangidwa maso onse awiri. Dokotala anati lamanzerelo laphulika, ndipo linalo sakanalonjeza kanthu, tidikire. Anati asadzuke, asagwedeze mutu. Ndinakhala pambali pake. Ndinkawopa kumufunsa ngati zikupweteka. Ndinkawopa ngakhale kutsokomola.

M'mawa wina anandifunsa, "Amayi, anzanga anyamuka?"

Ndinati, "Anyamuka dzulo, mwana wanga."

Sanalire. Anangosiya kudya. Phala ndinkabwerera nalo. Kenako anati, "Ngati ndikhale wakhungu, kuli bwino Mulungu anditenge."

Alongo anga, inu amene munabereka mukudziwa. Ndinagwada pa simenti pomwepo, anesi akudutsa, ndinati, "Ambuye, ndege sindikuifuna, chikho sindikuchifuna. Musiyireni diso limodzi loti aziwonera njira." Mawu ena ndinalibe. Ndinabwereza omwewo, tsiku ndi tsiku.

Tsiku lomasula nsalu ndinayang'ana pansi, sindinathe kuwonerera. Kenako ndinamva mawu ake. "Amayi, mwavala duku mozondoka."

Anawona. Mulungu alemekezeke!

Diso lamanzere silinabwerere, ndipo kunja sanapiteko. Zimenezo sindikubisirani. Anakhala miyezi ali khuma pakhomo, ine ndikumuyang'anira ngati khanda. Koma mphunzitsi wake uja anabwera yekha pa komboni, anakhala pa mpando wathu wothyoka, anati, "Manja ako akudziwabe. Bwera udzaphunzitse ana."

Lero Limbani amaphunzitsa sikwashi pa sukulu ina ku Chegutu. Mwana wosavala magalasi oteteza maso samulola kulowa m'chipindamo, kaya ndi wa bwana kaya ndi wa nduna. Anakwatira, ndili ndi mdzukulu. Bambo ake anapuma ntchito, tikukhala kwa iye, m'nyumba imene palibe angatithamangitse.

Mantha sanathe onse, abale. Akachedwa kubwera ndimaimabe pakhomo. Koma tsopano ndimaima ndikupemphera. Zikomo Ambuye Yesu, ndipo zikomo inu pondimvetsera. Amen.