Mayi Philomena Mwaba, Mphunzitsi wa Tinsanza ta Chitenge

Amene tawagoneka patsogolo pathu lero ndi Mayi Philomena Mwaba. Anabadwa mu 1976 ku Luanshya, koma ukulu wawo wonse anaukhalira kuno ku Matero.

Sukulu anayambira kwawo komweko, kenako anakachita maphunziro a uphunzitsi wa sayansi ku Kitwe. Mu 2001 anayamba ntchito pasukulu ina ya ku komboni ya George, yomwe inalibe ngakhale maikulosikopu imodzi. Pophunzitsa mmene selo la m'thupi limagawikira, ankang'amba chitenge chakale, tinsanzato n'kukhala makromozomu, tinthu ta m'selo tonyamula zotengera kwa makolo. Ankayala tiwiritiwiri pakati pa kalasi, ana n'kumakoka ndi ulusi, ena kuno ena uko, mpaka selo limodzi lisanduke maselo awiri. Ana anawapatsa dzina loti Ba Chitenge, eniake n'kumavomera.

Mu 2003 anakwatiwa ndi Bambo Isaiah Mpundu, oyendetsa minibasi ya ku Mandevu. Mwana wawo wachiwiri, Chipego, anabadwa ndi vuto lija limachedwetsa mwana kulankhula ndi kuphunzira. Akuchimuna anati malemu anamukhwimira mwanayo kuti ntchito iwayendere. Iwo sanakangane nawo. Anaitana apongozi awo, nayala tinsanza tija pamphasa, nawaonetsa kuti nthawi zina dzira la mayi kapena mbewu ya bambo ikamapangidwa, makromozomu awiri amakana kusiyana n'kupitira mbali imodzi, mwana n'kubadwa ndi vuto lotere popanda wolakwa. Ana a sukulu ankazimva zimenezi chaka ndi chaka, koma akuluakulu a ndevu zawo anatseka makutu. Banja linatha mu 2010, ndipo Chipego anamulera okha.

Kutchalitchi anali a kwaya, ndipo sankaimba popanda Chipego pambali pawo akuwomba m'manja.

Chaka chatha anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Tanthauzo la maselo ogawikana osalekeza ankalidziwa bwino, moti madokotala sanavutike kuwafotokozera. Imfa sankaiopa. Chinkawadya mumtima n'chakuti adzamusambitsa ndani Chipego, adzamumva ndani akamalankhula. Anafunsa abale mmodzimmodzi, aliyense n'kumati nkhani yotere imafunika kukhalirana pansi. Anatisiya Lachiwiri m'mawa anthu asanakhale pansi, ndipo zimenezi n'zopweteka kwambiri.

Asiya mayi awo okalamba, alongo awo awiri, mng'ono wawo mmodzi, mwana wamwamuna Chola, ndi Chipego, wa zaka 19, amene wakhala kutsogoloku atakumbatira chikwama cha mayi ake, osadziwa kuti tikabalalika pano akalowa nyumba ya ndani.

Mayi Mwaba apumule mu mtendere.