Pulazima ya Mwana Wanga Si Magazi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo a ku Insaca kuno.

Mumandidziwa. Ndine bambo wa Tereza, amene anabadwa titangobwerako kothawa nkhondo ku Malawi. Mapepala ake onse ndili nawo, kuyambira khadi la kusikelo mpaka dipuloma ya ku univesidade. Palibe limene chiswe chinalawa.

Atapita kunja kukaphunzira, anthu ankandifunsa zimene akuchita kumeneko. Ndinkayankha monyadira kuti, "Za pulazima." Mawu amenewo ndiwo anandigwetsa m'mavuto. A Fabiyano, anansi anga, anakafunsa enfermeru, namwino wa kuchipatala, ndipo anauzidwa kuti pulazima ndi madzi a m'magazi. Enfermeruyo sananame. Koma pofika kumsika, nkhani inali yakuti ndine namapopa, ndimapopa anthu magazi n'kumatumiza kwa mwana wanga.

Ine, abale! Munthu woopa ngakhale jakisoni.

Anthu anasiya kugula matemba anga. Anagenda malata anga. Amake Tereza akafika pamjigo, anzawo ankachoka ndi zidebe zosadzaza. M'tchalitchi muno benchi lonse linkakhala langa ndekha. Ndinanyamula mapepala kupita nawo kwa sekeretariyu wa bairu, mkulu wa dera lathu. Iye anati, "Madala, awa ndi manambala okhaokha. Zopopa magazi munthu salemba." Mapepala anga onse aja, osandithandiza. Tinamanga katundu kuti tidutse malire pa Entre Lagos, kubwerera ku Malawi. Kuthawa kachiwiri, abale, popanda nkhondo.

Koma Mulungu anabweretsa Tereza tisananyamuke. Anaima pano ndaimapa, n'kuloza lampada yaitali yamagetsi ili kudengayo.

Anati, "Chikuwala m'katimo ndi pulazima. Mphezi nayo ndi pulazima. Ndi mpweya wodzaza magetsi. Masateliti ena amakankhidwa ndi injini zolavula mpweya wotero. Koma umavunduka ngati madzi a m'nyanja ya Chiuta pa mphepo, injini n'kufooka. Ntchito yanga ndi kuwerengera pa komputadori mmene udzavundukire, injiniyo isanapangidwe."

A Fabiyano anafunsa kuti, "Ndiye mwanawe, magazi mulibemo?"

"Mulibemo, amalume."

Mayi wina kumbuyoko anati, "A Fabiyano, magazi anuwo odzaza kachasu angawapope ndani?"

Tchalitchi chonse chinaseka. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana mwana wanga.

Katundu tinamasula. Lero matemba akugulidwa. Amake Tereza akutunga madzi ndi anzawo. Benchi langa ladzaza mpaka tikupanikizana. A Fabiyano nawo amagula kwa ine. Kupepesa sanapepesebe. Ndawakhululukira, koma ndikudikira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatiteteza, osati ndi mapepala anga, koma ndi lampada imene tinkapemphera pansi pake Lamulungu lililonse.

Ndipo ndikubwerezanso, a kumbuyo amve bwino: mwana wanga Tereza amagwira ntchito ya pulazima. Amen.