Kalata Yokanira Tiwonge Sukulu

Pa siteji ya Lisungwi, bambo wina wogwira envulopu anakhala pabenchi limodzi ndi mayi wonyamula nkhuku. Onse ankadikira minibasi ya ku boma.

"Envulopuyo mwaifinyatu, bambo. Kodi muli uthenga wa maliro?"

"Ayi mayi, ndi kalata yokana, ndikukaisiya ku ofesi ya zamaphunziro. Mwana wanga Tiwonge wasankhidwa kupita ku sukulu ija ya ana anzeru kwambiri. Abale akuti opita kumeneko sabwerera kumudzi, ngakhale kugwada amaiwala."

"Inetu ndinaphunzira komweko."

"Inuyo? Ndi nkhuku m'khwapamo?"

"Ndikukawapatsa amayi anga ku Magaleta. Ntchito yanga ndi yomanga milatho, ndimakhala ku Blantyre, koma mwezi sutha ndisanawaone."

"Ndiye sukuluyo sinakuwonongeni, eti?"

"Inandiwononga pang'ono. Ankatiphunzitsa kufunsa chifukwa cha chilichonse, ndipo mpaka lero sindinasiye. Tsiku la chilangizo changa, anankungwi atanena kuti masiku ena mkazi sathira mchere m'ndiwo, ine ndinakweza dzanja ngati m'kalasi."

"Kukweza dzanja pamaso pa anankungwi!"

"Azakhali anandinyanyala chaka chathunthu. Koma amayi atadwala, ndine ndinapanikiza adokotala ndi mafunso mpaka matenda enieni anapezeka. Pano akulima okha kachewere."

"Nanga kugwada kuja?"

"Dzanjalo ndinakweza nditagwada, bambo."

"Ha! Basi, mtima wanga wakhala m'malo. Mayi a zitumbuwa, tandipatsani ziwiri. Musavutike kufuna pepala, kulungani m'kalatayi."